A Filimoni ndi Duwa la pa Lupsa

Pa maliro a amalume anga a Filimoni, mkulu wa mpingo anaimirira n'kunena kuti malemuwa anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana ndi mnzake. Ine ndinaseka. Ndinaseka mokweza ndithu, mpaka amayi anatembenuka pakati pa azimayi anzawo n'kundilasa ndi diso. Koma nanga ndikanatani? Amalume anakangana ndi aliyense m'mudzi muno, kuyambira abusa mpaka agalu. Ndipo anthu amene ankagwedeza mitu tsiku lija kuvomereza za kufatsazo ndi omwewo amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankawatcha mfiti, osafuna ngakhale kuwagwira chanza.

Chatha chaka tsopano. Tchire lapsanso, mitengo ya tsamba yavala masamba ofiira, ndipo pa lupsa, pamene moto wadutsa, duwa lachikasu lija latulukanso. Ine sukulu ndinalekera sitandade sikisi, cholembera chimanditopetsa kuposa khasu, koma izi ndilemba. Amene zimuwawe abwere. Kwathu akukudziwa.

Amalume anali alongo awo aakulu a amayi anga. Anali aafupi, amatewe, ndi mawu aakulu osayenerana ndi thupi lawo. Ntchito yawo inali kusema magoli ndi kuphunzitsa ng'ombe kukoka ngolo. Kuno kwathu, kufupi ndi Chamama, munthu akagulitsa bwino fodya ku okushoni amayamba wagula malata, kenako ng'ombe ziwiri. Ng'ombe zimenezo zonse zinkadutsa pakhomo pa a Filimoni. Goli sankasema asanagwire khosi la ng'ombe ndi manja awo. Munthu akabwera kudzafuna goli ng'ombe atazisiya kukhola, ankamufunsa ngati nsapato zake anamugulira munthu amene sanaonepo phazi lake, kenako n'kumupatsa nkhongo. Chikwapu anali nacho, koma chinkalira m'malere basi, pamsana pa ng'ombe sichinafikepo. Ankati ng'ombe ukaiuza kawiri yamva, ovuta kuphunzitsa ndi eni ake.

Mowa sankamwa. Fodya, amene wadyetsa mudzi wonsewu, sanalimepo ngakhale mzere umodzi. Ankati sangathyoke msana chifukwa cha tsamba limene ngakhale mbuzi imalikana. Ku tchalitchi ankakhala pabenchi yakumbuyo, ndipo ulaliki ukatalika ankatsokomola mpaka mlaliki afike pa ameni. Anyamata otentha tchire kuti agwire mbewa ankawathamangitsa ndi miyala, ine ndemwe anandigendapo kawiri. Ndipo panali chinthu chimodzi chimene chinkawapsetsa mtima kuposa zonse: kumva munthu wamkulu, wandevu zake, akuloza kutchire n'kunena kuti maluwa achikasu, ngati kuti onse ndi amodzi. Ankati amenewo ndi maso a ulesi, ndipo maso a ulesi adzapha munthu tsiku lina. Tinkawaseka. Tinkati nkhalamba yasowa chochita, yayamba kuwerenga maluwa ngati mwana wa ku mkombaphala.

M'zaka zawo zomaliza, anthu atasiya kubweretsa ng'ombe, anatsala ndi bwenzi mmodzi, a Saidi, aja a golosale ndi zitsulo za njinga pa Chamama. Ubwenzi wake unalinso wa mikangano. A Saidi poona kuti mnzawo akugona ndi njala anawauza kuti azisema magoli n'kumawapachika pakhonde pa shopu, alendo ochokera ku Kapelula azigula. Ndinalipo tsiku limenelo.

"Ng'ombe zakezo ndiziona liti?" anafunsa amalume.

"A Filimoni, mukufuna ng'ombe zizibwera kudzayeza ngati kwa telala? Semani basi, khosi lizolowera."

"Inu nsapato yothina munaizolowerapo?"

"Mufa ndi njala chifukwa cha khosi la ng'ombe ya eni ake."

"Ndikafa mudzabwere ndi shuga, pamaliro panga pasadzakhale tiyi wozizira."

Sanaseme. A Saidi anawatcha mutu wa mwala, n'kuwathirira tiyi wina. Pamaliro paja shuga anabwera nayedi.

Tsopano ndinene chimene chinathamangitsa anthu pakhomo paja, chifukwa ena akumanena mokhotetsa.

A Kachiza ndi mlimi wamkulu wa fodya kwathu kuno, wa zigafa zambiri zoumitsiramo fodyayo ndi matenanti ake. Chaka chimenecho fodya anawayendera bwino, ndipo anakagula ng'ombe ziwiri zikuluzikulu kutali, kumadambo, zophunzitsidwa kale, zobwera ndi goli lake lomwe. Pobwera nazo anadzera dala pakhomo pa amalume, ngakhale njira yachidule inalipo. Amalume anaziyang'ana, nazizungulira kamodzi.

"Ng'ombe ndi zabwino," anatero. "Koma ndi zachilendo. Tchire la kuno sizilidziwa. Musazimangirire pa lupsa, mudzalira."

"Nsanje, a Filimoni," anayankha a Kachiza akuseka. "Zakuwawani chifukwa sukulu yanu sizilowa."

Anthu amene anali pamenepo anaseka nawo. Mawu aja akuti mudzalira anawasunga.

Unali mwezi wa Okutobala, udzu wonse uli gwaa, ng'ombe za m'mudzi nthiti zili panja. A Kachiza anali atatentha katchire ka kuseri kwa zigafa zawo kuti kutuluke msipu mvula isanagwe, monga timachitira tonse. Panabiriwiradi. Ndiye poti ng'ombe zatsopano zija zinkafuna kuthawa kubwerera kwawo, sanazipereke kwa abusa a ziweto. Anakhoma zikhomo ziwiri pa lupsa pomwepo, nazimangirira ndi zingwe zazitali. Tsiku lachiwiri chizimangirireni, m'mawa, imodzi inapezeka itauma. Inzake inali gone, thovu kukamwa, ikutsegula m'mimba zamagazi. Dzuwa lisanafike pamutu nayonso inatsirizika.

Mlandu unagwera a Namakhwa, tenanti wawo wochokera ku Phalombe, bambo wa ana atatu amene ankakhala m'kanyumba kaudzu kuseri kwa chigafa. Iwowa ndiwo ankathirira nazale ya fodya kudambo, ndipo botolo la mankhwala opopera mbande linkakhala kwa iwo. Masiku anayi m'mbuyomo ng'ombe zija zinawapondera mabedi awiri a nazale, ndipo anthu anawamva akukalipa kuti ng'ombe zimenezi tsiku lina zidzaona. Zinakwana. Munthu ndi wobwera, botolo ali nalo, mawu anayankhula. Panalibe wofunsa zambiri.

Sindibisa, ine ndinali kutsogolo. Ndinasolola mkangala m'chigafa, ndodo ija timapachikira fodya, ndipo ndinali wokonzeka kuuthyolera pamsana pa munthu amene sanandilakwirepo kalikonse. A Namakhwa anali atakhazikidwa pansi pafupi ndi ng'ombe zakufazo, manja atamangidwa ndi chingwe cha ng'ombe chomwecho. Akazi awo anagwada potero, mwana kumbuyo, akulira mopanda mawu. Mnyamata wina anali akugwedeza bokosi la machesi n'kumayang'ana denga la kanyumba kawo. Ndipo kumbali, azimayi anali atandandalika kale ndi mabeseni. Ng'ombe akuti yadyetsedwa poizoni, koma mabeseni ali m'manja.

Amalume anafika ndi mpeni wawo wosendera makungwa. Sanapereke moni kwa aliyense. Anayamba ndi ine.

"Iwe Enoki, mkangala umenewo ukukapachika fodya wa ndani?"

"Amalume, munthuyu wapha ng'ombe."

"Unamuona?"

"Anthu onse akudziwa."

"Anthu onse si mwana wa mlongo wanga. Ndafunsa iwe. Taya chimenecho, gwira mwendo uwu."

Ndinataya. Ndinagwira mwendo wa ng'ombe, iwo n'kuyamba kutumbula.

"A Filimoni, ng'ombeyo ndi yanga," anatero a Kachiza. "Mwapempha ndani?"

"Inali yanu dzulo. Lero ndi ya amayi a mabeseniwa."

Ena anaseka, ena anadziletsa. Amalume anang'amba chifu, napisamo dzanja mpaka m'chigongono, natapa zam'katimo. Analanda beseni la mayi wina, naitanitsa madzi, navundula. Pamwamba panayandama timasamba tating'onoting'ono totuwa, ndi timitu ta maluwa tosatafunika bwino, tachikasu.

"Mankhwala a ku nazale nonse mumawadziwa fungo lake," anatero. "Ukapopera m'mawa, madzulo mkazi amakuthawabe. Bwerani mununkhize."

Awiri atatu ananunkhiza. Panalibe fungo lina koma la ndowe.

"Tiyeni kumene zimadya."

Gulu lonse linawatsatira, a Namakhwa akukokedwa ndi chingwe pambuyo. Pa lupsa paja zikhomo zinali zikadali pomwepo. Kuzungulira chikhomo chilichonse, mpaka pamene chingwe chinkalekezera, panali pometedwa mpala. Msipu weniweni unali usanakule n'komwe, unali timinga tobiriwira tosagwirika ndi lilime la ng'ombe. Chimene chinabiriwira kwambiri chinali chitsamba china chachifupi, chomera m'magulumagulu, ndipo m'kati mwa malire a chingwe chonse chinali chodulidwa mitu. Kunja kwa malirewo chinali chilili, mbwee maluwa achikasu.

A Kachiza anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

"Maluwa awa? Si aja timakumba mbatata yake n'kuwiritsa? Amayi akunyumba amamwa chaka ndi chaka. Bwenzi titatha tonse m'mudzi muno."

Anthu anavomereza. Nanenso ndinavomereza, chifukwa mbatata ya kutchire ija ndinaimwapo, ndipo duwa lake ndi lachikasu, ndipo limatuluka pa lupsa nyengo yomweyi.

Amalume anayenda pang'ono, maso pansi, nawerama kawiri. Anabwera ndi maluwa awiri, lina dzanja ili, lina dzanja ili.

"Tsegulani maso, a Kachiza, lero ndi laulere. Ili ndi lanu la mbatata. Masamba ake ataliatali ngati udzu, acheya, onse ochokera pansi. Duwa lake lotambasuka ngati nyenyezi, nsonga zisanu ndi imodzi, werengani. Ili silipha ng'ombe. Tsono ili." Anakweza linalo. "Tsinde lili ndi timasamba tating'ono kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pamutu pake si duwa limodzi, ndi timaluwa tambirimbiri tounjikana pamodzi ngati chibakera cha mwana. Mukumbe pansi, simupeza mbatata yofewa, mupeza chimuzu cholimba ngati mtengo. Ndipo ngati maso akukuvutani, funsani manja. Iwe Enoki, thyola."

Ndinapinda tsinde lija. M'kati munathyoka, koma khungwa linakana. Ndinakoka, linangosendeka kutsika mpaka pansi, lolimba ngati luzi, mpaka kundicheka chala.

"Ng'ombe zobadwira kuno zimalidutsa, zinaphunzira kwa amawo," anapitiriza amalume. "Zanuzi zachokera kumadambo, zili ndi njala, ndipo mwazimangirira pakati pa munda wake. Zikanadya chiyani? Chikhomo?"

"Zonama," anatero a Kachiza. "Mukuteteza wakupha."

Apa amalume anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anasenda kakhungwa, nakaika palilime, natafuna pang'ono, nalavula. Tinadikira. Posakhalitsa maso awo anafiira, misozi ikutsika yokha, malovu akuchucha. Milomo inayamba kutupa tikuona. Anatambasula dzanja, kakhungwa kena kali pachikhatho.

"Lawani, a Kachiza. Si mbatata ya amayi akunyumba?"

A Kachiza anayang'ana kakhungwa kaja, nayang'ana anthu, naika manja kumbuyo.

"Ndani anakhoma zikhomozi?" anafunsa amalume, mawu akutuluka movutikira.

Tonse tinali titawaona a Kachiza akukhoma okha, ndi hamala yawo.

"Masulani munthuyo."

Ndinamasula ndine. Mfundo inali yothina, ndinachita kuluma ndi mano. A Namakhwa anangodzisisita m'mikono. Mnyamata wa machesi uja anali atasowa kale. Za nyama amalume anati sakudziwa, iwo sadya, amene akufuna adye ndi mimba yake. Masiku atatu anakhala akumwa phala lozizira lokha, m'kamwa muli zilonda.

Mungaganize kuti mudzi unawathokoza. Sabata isanathe, kuchitsime kunayamba kumveka zina. Akuti nanga anadziwa bwanji kuti m'chifu muli maluwa asanatumbule? Akuti si uja ananeneratu kuti mudzalira, pamaso pa anthu? Akuti duwa limeneli lakhala likumera chaka ndi chaka osapha kanthu, lero laphiranji ng'ombe za munthu amene sanagule goli kwa iye? Akuti munthu wamba angatafune poizoni n'kukhala moyo? Chenjezo lija analisandutsa temberero. Amene anayambitsa ndikumudziwa, ndipo nayenso akudziwa kuti ndikumudziwa. Munthu wamkulu anachita manyazi pamaso pa matenanti ake, ndiye manyaziwo anafuna powatula.

A Namakhwa anamaliza nyengo yawo, fodya atapita ku okushoni anakwera lole ndi akazi awo ndi ana onse atatu, amoyo, kubwerera kwawo. Sindikudziwa ngati anamvako zimene zinatsalira munthu amene anawaombola.

Chaka chotsatira pakhomo pa amalume panabwera ng'ombe zinayi zokha. Chinacho panalibe ndi imodzi yomwe. Anthu ankapita nazo kutali, kwa anyamata ophunzitsa ndi ndodo, ng'ombe n'kumabwera ndi mabala m'khosi. Ku tchalitchi benchi yakumbuyo ija inasanduka yawoyawo. Ine ndinamenyana kawiri pamsika chifukwa cha mawu akuti mfiti, kachiwiriko ndinachotsa munthu dzino. Amalume atamva anandikalipira ngati ndaba nkhuku. Anati ine ndi mkangala uja sitinasiyanebe, ndangosintha msana woumenyera.

Amayi anawachonderera kangapo. Tsiku lina ndinawamva pakhonde.

"Achimwene, ingopitani mukapepese. Mawu awiri okha. Mukanene kuti munalankhula mopsa mtima."

"Ndikapepese kuti duwa lili ndi poizoni?"

"Mukapepese kuti munawachititsa manyazi pagulu."

"Munthu uja anamumangira kuseri kapena pagulu?"

Amayi anangonyamula mbale zawo.

Amalume atayamba kudwala, miyendo itatupa, akuluakulu a mpingo awiri anabwera kuti awayanjanitse ndi a Kachiza asanatisiye. Amalume anawalandira bwino, anandituma ndiwapatse mipando. Anati alibe mangawa ndi munthu, ndipo a Kachiza akafuna kubwera khomo ndi lotsegula. Koma anati chinthu chimodzi chokha: akadzabwera adzanene pamaso pa anthu, monga anthu analipo tsiku lija, kuti chinapha ng'ombe n'chiyani. Akuluakulu aja anayang'anana. Anati zimenezo n'zovuta. Amalume anati ndiye tiyeni tingopemphera, nthawi isatayike. A Kachiza sanabwere. Anabwera pamaliro, atavala jekete, nakhala pampando wakutsogolo.

Chimene chimandiwotcha mtima ndi ichi. Pitani lero kuseri kwa zigafa za a Kachiza, tchire likapsa. Mupeza matenanti awo ali ndi makasu, akuzula chitsamba cha timaluwa tounjikana chija, n'kusiya cha nyenyezi. Funsani mbusa aliyense m'mudzi muno, ngakhale kamwana ka mamina, akuuzani kuti pinda tsinde, likakana kuduka thamangitsa ng'ombe. Palibe amene amamangiriranso ng'ombe yachilendo pa lupsa. Nzeru anatenga, akudyera, ng'ombe zawo zili moyo. Koma mufunse kuti anakuphunzitsani ndani, muona akuyang'ana kumbali, ati n'zodziwika kale izi, makolo ankadziwa. Makolo ake ati? Tsiku lija tonse tinalipo, ndi ndevu zathu, ndi mikangala yathu, ndi mabeseni athu, ndipo amene ankadziwa anali munthu mmodzi.

Nyumba yawo ikadalipo, chitseko chomangidwa ndi waya. Kutsogolo kwake kuli mtengo wa mango umene ankagwirira ntchito pansi pake. Kale pamenepo panali pouma ngati pakhonde pozira, ziboda za ng'ombe zitapondaponda, tizipalamandu ta mitengo tili mbwee. Tsopano pamera chisoso ndi bonongwe, ndipo palibe mayi amene amathyolapo ndiwo. Chipika chimene ankasemerapo chiswe chachidya m'kati, ukachiponda chimalira ngati ng'oma. Mzati womangirira ng'ombe waima wokha, uli ndi mkanda wosalala pamene zingwe zinkadya. Mango chaka chatha anagwa n'kuolera pansi, ana akuwayang'anira patali chifukwa anauzidwa kuti ndi a mfiti.

Njira yochokera kumudzi kupita kudambo inkadutsa pansi pa mtengo umenewu. Anthu anapatutsa, anatsegula ina yokhota, yodzera m'minga kuseri kwa chulu, ndipo azimayi amalolera kuzungulira ndi ndowa pamutu. Njira yakaleyo udzu waitsekera mbali zonse, yatsala kamzere kopapatiza, kokwana phazi la munthu mmodzi. Ndimadutsamo m'mawa popita kudambo ndi madzulo pobwera, dzuwa likadalipo, kuti aliyense aone. Siitsekeka ine ndili moyo.